Madzi Otentha ku Avondale

Mwatitha wandilozera mpopi wa kumanzere:
"Uwu ndi wotentha, amayi, samalani."
Ndatseka chitseko. Ndangoima.
Madzi akugwa okha kuchokera kudenga,
palibe anawatunga, palibe anawasenza,
ndipo onse akuthamangira m'kabowo ka pansi
ngati alibe mwini.
Ndisanaganize n'komwe, ndatchera kale ndowa.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinali mzamba
m'chihema cha kumsasa, kutali uko ku Sudan,
kumene chigubu chimodzi chinkasambitsa
mayi, khanda ndi manja angawa,
otsalawo n'kukolopera.
Lero ndasamba mphindi ziwiri,
ndatuluka ndi thovu kuseri kwa khutu
ndi manyazi a munthu woti waba.

Matiresi a kuno amameza munthu.
Usiku wachitatu ndinatsika,
ndinayala chitenje pansi pouma,
msana n'kundithokoza.
M'mawa ndimakwinya mabulangeti dala
kuti mkamwini wanga Tonderai asadziwe
kuti ndalama zake zimagona zokha.

Ndinapita kusitolo yaikulu ija kukagula sopo.
Sopo basi.
Ndinapeza shelefu yaitali ngati mzere wa kusikelo:
wa mandimu, wa uchi, wa khungu louma,
wa khungu losachedwa kukwiya.
Nditawerenga mitundu makumi awiri
mawondo anandizizira.
Kamtsikana ka patilu kanandifunsa m'Chishona
ngati ndili bwino.
Ndinatuluka ndi mchere.

Firiji imang'ung'udza usiku wonse.
Ikangoti zii, ndimadzambatuka:
katemera! mafuta atha!
Ndikatsegula ndimapeza yogati,
theka la keke, kabichi wofota,
ndi kuwala kozizira pa zala za kuphazi.

Ndimatsuka timajumbo ta buledi n'kutiyanika.
Lonjezo amaseka mpaka kugwira m'mimba:
"Agogo, bini ili apo!"
Ndimadziwa kumene ili, mwanawe.
Ndinabadwira ku Mufakose,
misewu iyi ndinaiyenda usanalotedwe,
maluwa a jakaranda awa
anandigwerapo m'tsitsi ndili namwali.
Koma mzinda wandipatsa mpando wa alendo,
ndipo ndakhala chakumphepete kwake.

Lachinayi magetsi anathima,
mipopi n'kuyamba kutsokomola mpweya.
Tonderai anazungulira nyumba ndi foni m'manja,
Mwatitha anatukwana akhonsolo ndi makolo awo omwe.
Ine phee.
Ndinayatsa kandulo ndi ndodo imodzi ya machesi,
ndinakankha chitseko cha kuchipinda kwanga:
ndowa zitatu, zodzaza mpaka m'milomo,
zimene ndinkabisa ngati kachasu.
Palibe anaseka.
Ndinamusambitsa Lonjezo ndi makapu anayi,
kuyambira kumutu, monga ndinkachitira,
ndipo usiku umenewo wokha
manja anga anadziwa kwawo.

Pakati pa usiku magetsi anabwera mwaphokoso,
wailesi, firiji, mababu onse nthawi imodzi,
ndipo ndinabwerera pampando wanga uja.

Nyaluak, iwe unkanditungira madzi,
khosi lako lowongoka pansi pa chigubu chachikasu,
ukanaona izi ukanati chiyani?
Sindikhulupirira kuti ukanandidzudzula.
Ukanavula nsapato, n'kulowa ndi diresi lomwe,
ukanayasama kukamwa,
ukanaseka mpaka oyandikana nafe kugogoda khoma,
n'kundikuwira kuti, mayi iwe, wapenga?
Madzi otentha, iwe n'kumaimira kunja?

Ndiye m'mawa uno ndayesa.
Ndowa ndaisiya pakhomo.
Ndatsegula wa kumanzere uja,
ndatseka maso, ndayamba kutchula maina
a ana amene ndinawalandira m'manja,
amene anakhala ndi amene sanakhale.
Ndafika pa dzina lachisanu ndi chinayi,
madzi akutsikabe pamsana,
akutenthabe,
ndipo dzanja langa, losatumidwa,
latseka.

Mawa mwina ndidzafika pa khumi.