Mapiri a pa Pepala

Zaka khumi ndi zisanu Gelevazio wapalasa njinga,
kunyamula anthu ndi matumba a mtedza
kuchoka ku Kapata mpaka ku Mchini,
osatsikapo pa chitunda.

Lachiwiri anatsika.
Akuti m'chifuwa mwalowa njiwa,
ikuphupha, kenako zii, kenako ikuphuphanso.

Ku chipatala chachikulu namwino anamumeta pachifuwa
namumata timawaya tozizira.
Makina analavula pepala lalitali
lojambulidwa mapiri.
Ndinayang'anitsitsa: si Kanjala uyu?
Koma ena athithikana, ena atalikirana,
pena chigwa chokhachokha.

Dokotala Mzamose Jere anayendetsa chala pamzerepo.
"Mtima wanu ukudumpha mano ngati tcheni chakutha.
Magazi akachedwa m'kachipinda aka, amaundana.
Kam'bulu aka n'kochepetsa liwiro,
aka n'koti magazi asagwirane.
Mchere muchepetse. Mubwerenso mwezi ukatha."

"Nanga njinga?"
Dokotala anayamba wayang'ana ine.

Usiku ndimagoneka khutu pa nthiti zake,
kuwerenga monga anandiphunzitsira,
maso pa wotchi ya foni.
Pakhonde njinga yatsamira khoma.
Tayala lakumbuyo layamba kuphwa
ndipo sindinamuuze.