Ufa Wodzuka ndi Dzuwa

Magetsi athimanso.
Nyale ya mu labu yatisiya m'manja,
ndiye ine ndi Tionenji tikukwera masitepe
titanyamula mbale zagalasi zisanu ndi imodzi,
madzi a mu Ngwerere akutikhavukira m'zala.

Ukawayang'ana, ndi madzi basi.
Koma muli makapisozi a mzinda wonse:
amene Chawama anameza usiku chifuwa chitamugwira,
amene munthu anagula atatu okha pa Soweto
poti ndalama inathera pomwepo,
amene nkhuku za ku Makeni zinamwera m'chigubu.
Thupi limatapa gawo lake,
otsala limapatsira chimbudzi,
chimbudzi n'kupatsira mtsinje.
Kumeneko tizilombo timalowa sukulu yaulere,
kulawa pang'onopang'ono
mpaka mankhwala kusanduka ndiwo.

Bambo anga amathirira repu ndi madzi omwewa.
Bala lawo la pamsongolo latha miyezi isanu.
Jekeseni asintha katatu,
bala likungotiyang'ana.

Padenga, Tionenji akuthira ufa woyera,
kansonga chabe ka supuni.
Mumdima ufawu ndi mlesi,
umangogona pansi ngati laimu wotsala pomanga.
Koma dzuwa likauponda umadzuka ndi ukali,
umameretsa madzi timano tosaoneka,
timanoto n'kumatafuna mankhwala,
kubenthula, kubenthulanso,
ufa wosatha ayi,
monga mphero sitha ndi mawere.

Tikudikira pansi pa ambulera imodzi.
Okutobala akuwotcha konkire.
Kumunsi, pa Great East, makondakitala
akuitanira anthu a ku Chelstone,
osadziwa kuti pamwamba pawo
dzuwa lalembedwa ganyu.

Madzulo magetsi abwera mozemba.
Makina akujambula mzere wake:
pamene m'mawa panali phiri
tsopano pali kachulu.
Kachulu, osati chigwa.
Mbale yachisanu yakana,
madzi ake anali a matope, kuwala sikunafike pansi.
Tionenji akulemba zimenezonso,
akuti cholephera nachonso n'chathu.

Bambo aimba foni: Mwapezako chiyani kumeneko?
Ndikuti, dzuwa latsuka madzi, bambo.
Akuseka mpaka kutsokomola.
Lomweli likundiwaulira mbewu?
Nanga mtsinje wonse mudzauthira m'mbale zingati?

Ndilibe yankho.
Ndikusefa ufa uja pa kapepala,
ndiuyanike, mawa ugwirenso ntchito.
Ndikutsuka mbale zisanu ndi imodzi.
Kunja kwada,
Ngwerere akuyendabe ndi katundu wake.