Fayilo ya Lekeleni

Anamugwira Lachiwiri pamsika wa Zingwangwa,
foni ya eni ili m'thumba.
Iye akuti anagula. Ine kunalibe.
Lero yakwana miyezi isanu ndi inayi
ndikupondaponda fumbi la ku Chichiri
ndi kabakuli ka nyemba m'manja.

Kupolisi ya Soche, Sajeni Nampuluma
sanadzutse n'komwe mutu pakaundula:
"Yathu n'kugwira, mayi, ndipo tinagwira.
Galimoto ilibe mafuta.
Kafunseni kukhoti."

Kukhoti a Chiphwanya, kalaliki
wa magalasi omanga ndi ulusi,
anasuzumira pamwamba pa mulu wa mapepala:
"Woweruza sagamula benchi yopanda munthu.
Abwere naye, zibwere mboni.
Lamulo sitilemba ife, timangolimasulira."

Nanga olembawo?
Aphungu ndinawapeza pamaliro ku Chilobwe,
ndinagwada m'mbali mwa galimoto lawo.
"Tinalemba kale, mayi: masiku awiri asanathe
munthu aonekere pamaso pa khoti.
Zotsalazo si zathu."
Galasi linakwera pang'onopang'ono
mpaka ndinatsala ndikuyang'ana nkhope yanga.

Usiku ndimawerenga pazala.
Wina anasula loko,
wina amasunga kiyi,
wina ndiye amati tseka, kapena tsegula.
Akuti anagawana dala
kuti dzanja logwira lisakhalenso logamula.
Ndamva, ndipo n'zanzeru.
Koma pakati pa zitseko zitatuzi pali kampata,
ndipo m'kampatamo ndi momwe mlongo wanga
amagona chokhala, mawondo pachifuwa,
mphere zikumulemba pamsana
chilango chimene palibe anachilamula.

Dzulo kamtsikana kothandiza zamalamulo,
nsapato zake zakutha chidendene,
kanalowa ofesi ndi ofesi osatopa.
Fayilo kanaipeza pansi pa mwendo wa tebulo,
ikuchirikiza kuti tiyi wa bwana asatayike.
Kanaipukuta ndi mpango wake.
Akuti Lolemba, naini koloko.

Sindikupempha kuti am'masule.
Ngati anaba, anene, akaseweze.
Ndingofuna buku la aphungu litsegulidwe patebulo,
sajeni aime uko ndi chipewa m'khwapa,
woweruza avale magalasi,
onse atatu tsiku limodzi, chipinda chimodzi,
wina akweze mawu, atchule bwinobwino:
Lekeleni Mpulula.

Shati yake yoyera ndachapa kale.
Ili pachingwe, ikudontha.