Iye

Nkhani yanga yoyamba ndinailemba kumapeto kwa kope la agirikacha,
pa Chinkhoma, chaka chimene fodya anagwa mtengo
bambo n'kusiya kuyankhula pakhomo.
Ndinali Fomu 3.
Mnyamata wa m'nkhanimo ndinamutcha Yotamu,
ndinam'patsa makutu anga otambalalawa
ndi nsapato yong'ambika kuchidendene.
Amene ankam'kondayo ndinati akhale Pemphero,
dzina lovala buluku, lovalanso chitenje.

Chichewa chinandibereka kumbuyo n'kundifunditsa nsalu.
Iye anabwera. Iye anaseka.
Iye anam'kweza panjinga kuchokera kumsika wa pa Bua,
matope ali thothotho m'masipoko.
Iye ndi iye basi, safunsidwa chiphaso.

A Kamchedzera, aphunzitsi a Chichewa,
analemba ndi bolopeni yofiira:
Wayesetsa. Koma mtsikanayu tiuze wavala chiyani.
Ndinaseka nawo anzanga.
Kenako ndinakaima kuseri kwa chimbudzi cha anyamata
mpaka belu linalira kawiri.

Pemphero weniweni, dzina lake sinditchula,
ankasoka fodya m'chigafa cha a Mbalame,
zala zitada bii ndi utomoni wa masamba,
likhweru lake lophonya nyimbo iliyonse.
Sitinakambepo kanthu.
Tikagula chinangwa chootcha
iye ankatenga mbali yopserera
kuti ine ndidye yabwino.
Ndi zokhazo.
Chaka cha mayeso anakwera lole ya mabelo, akuti ulendo wa ku Joni,
ndipo foni yake inayamba kuyankhidwa ndi mayi uja
wonena kuti nambalayi siikupezeka.

Yotamu wa m'kope anakula kundiposa.
Ine nditazolika m'tchalitchi,
mlaliki akumenya gome potchula anthu onga ife,
iye anali tsonga pa tsamba 14, osaphethira.
Ine ndikuvomera anyamata pabwalo la mpira
kuti eya, Felesiya ndi chiphadzuwa,
iye anakana kunama ngakhale ndinam'pempha.
Ndinamuda.
Ndinam'ponya pansi pa matumba a feteleza,
chiswe n'kudya ngodya.

Nditakwana zaka makumi awiri,
usiku wina magetsi atazima,
ndinam'fukula, tochi ya foni nditaluma kukamwa,
ndinawonjezera mzere umodzi wokha:
Ndevu za Pemphero zinali zitangoyamba kumera.
Dzanja linanjenjemera ngati ndaba nkhuku ya eni.
Denga silinagwe.
Agalu a kwa aneba anapitiriza kuuwa zawo.

Mlongo wanga Estere ndiye analipeza posesa.
Masiku atatu sanandiyang'ane kumaso,
tiyi ankangoika pakhonde n'kutembenuka.
Tsiku lachinayi ndinalipeza pamphasa panga
atalikuta ndi pepala la shuga,
pomwe panadya chiswe atamata ndi selotepi.
Tinakumana panjira ya kumjigo, ndowa ili pamutu,
maso ali kutsogolo kuti madzi asatayike:
Achimwene, nkhani ija sinathe.
Yotamu uja musamuphe ayi.
Komanso muzibisa bwino, bambo amadziwa kuwerenga.

Sindinamuphe.

Pano ndimagulitsa mayunitsi m'kakontena
pa Kasungu boma, kumaso kwa depoti,
phiri lili phee kundiyang'ana
ngati munthu wodziwa koma wosanena.
Mantha sanasamuke, amachita nawo lendi.
Pali masiku ndimasekabe nthabwala zondicheka,
pali masiku ndimangokhala chete,
ndipo kukhala chete kumeneko ndinachita kukuphunzira.

Makasitomala akachepa ndimatsegula kope latsopano.
Yotamu waima padepoti, chikwama m'manja.
Basi ya ku Mzimba yadzaza theka,
ya ku Lilongwe kondakitala wasasa mawu n'kuitanira.
Sabata yachitatu ino sindinam'sankhire yokwera.

Dzulo mnyamata wina wodzatapa ndalama
anasuzumira pazenera la waya:
Mukulemba za ndani, bwana?
Ndinati, Za iye.
Dzanja linathamangira kutseka kope monga mwa kale,
linafika pakati,
ndinalibweza,
n'kuyamba kumuwerengera ndalama zake.