Lipoti la Usiku

Buku la lipoti lili ndi mizere yopapatiza.
Pa bedi lachinayi ndalemba kuti: amwa mankhwala, agona.
Zinazo zilibe malo.

Mulibe malo a sabata ija
a Lufeyo Kambalame anatsitsidwa pa lole yochokera ku Chulu,
mafupa okhaokha m'jekete la paukwati.
Ndinabwera ndi beseni ndi sopo,
iwo n'kutembenukira kukhoma.
Ndinkayesa ululu. Ndinawonjezera madontho.
Masiku atatu madzi ankangozizira pansi pa bedi.

Anandimasulira ndi Yotamu, mlonda wa pageti,
amene sukulu ya unamwino amangoimva:
"Asisita, kodi munawauza mfunda wanu?"
Ndine Nankhoma.
Amene anabala akazi awo analinso Nankhoma.
Mkamwini savula pamaso pa apongozi,
angakhale apongoziwo avale yunifolomu yoyera.

Kuyambira pamenepo Yotamu amatsamiritsa chibonga pakhomo,
kupinda manja a malaya,
ine kuseri kwa katani
kupereka thaulo, dzanja lokha kuonekera.
Mawu n'kutuluka, osasa ngati chitseko cha malata:
"Zikomo, apongozi."

Mulibe malo a ana awo
amene anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi:
"Chonde musawauze. Mukatchula, mwaitana."
Chikalata cha adokotala chikuti wodwala adziwe zoona.
Ndinayenda nacho m'thumba mpaka chinafewa ngati nsanza.
Lachinayi, ndikuwatembenuza pilo, anati:
"Fodya akatsala masamba a kunsonga
mlimi safunsa munthu kuti kuthyola kutha liti.
Anawo musawauze. Sanakhwime."
Ndinasunga zinsinsi ziwiri zofanana,
china m'thumba ili, china m'thumba ilo.

Bedi lachiwiri, mayi Asiyatu:
tinasuntha kabati, tinakhotetsa bedi
kuti nkhope iloze kumene amalozetsa mapemphero.
Tsopano chitseko sichitseguka chonse.
Timalowa cham'mbali.

Bedi lachisanu ndi chiwiri, botolo la mizu pansi pa pilo.
Sindinalande. Ndinanunkhiza, ndinafunsa dzina la mtengo,
tinagwirizana: kumapazi inde, kukamwa ayi.

Nanga ine ndilembe pati?
Malipiro achedwanso.
Ku Chankhanga mwana wanga akutsokomola
m'manja mwa mtsikana wa aneba.
Magetsi anathima isanakwane teni,
tochi ndailuma m'kamwa poyeza madontho.
Nthawi zina ndimasamba m'manja kawiri
pongofuna kuima penapake ndekha.

Cha m'ma fili, denga linayamba kulankhula.
Dontho. Dontho. Kenaka yonse,
mvula yoyamba, yochokera cha ku phiri la Kasungu.
"Apongozi, tsegulani windo."
Lamulo likuti mawindo atsekedwe, udzudzu.
Ndinatsegula.
Fungo la nthaka linalowa ngati m'bale wochedwa basi,
odwala onse anatembenuka m'tulo.

Anatuma Yotamu panja.
Anabwera atanyowa, m'dzanja muli dothi lofiira.
A Lufeyo analifinya, kulinunkhiza,
kulipekesa ndi chala chachikulu.
"Sinalowe," anatero. "Asadzale. Adikire yachiwiri."

Uthenga womaliza ndi umenewo.
Ndaulemba padzanja langa kuti ndisauphonye
ana akafika ndi kabaza wa m'mawa.

Mpweya unayamba kutalikirana
ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu wa ku Mzimba.
Ndinawerenga. Ndinasiya kuwerenga.
Maso anatseka ndi Yotamu.
Ine ndinaima kuseri kwa katani monga mwa masiku onse,
ndipo sitinalire,
maliro sayamba ndi alendo eni ake asanamve.

Malangizo akuti thupi litsukidwe, manja ayere.
Dzanja lamanjalo talisiya chofumbata.

Kunja kukuyera. Ngumbi zadzaza pakhonde.
Mayi Asiyatu akuitana madzi osambira m'manja.
Ndatenga cholembera:
bedi lachinayi, 4:10.
Mzere watha.