Filimu Inadikira Kachewere

Ndinaitola pa mulu wa kaunjika pa Lizulu,
pakati pa nsapato yopanda inzake ndi chidole chothothoka diso:
kamera yapulasitiki, yachikasu ngati kapu ya mwana,
yopepuka moti ndinaigwedeza kuti ndimve ngati muli kanthu.
Wogulitsa anati n'choseweretsa.
Ndinam'patsa ya mazira awiri, iye n'kuseka.

Filimu ndinakaipeza pa boma, kwa a Ngozo,
aja ankajambula maukwati foni zisanabwere.
Anaitulutsa m'chitini cha mabisiketi
nati, "Inatha nthawi iwe uli ku pulayimale.
Muli malo makumi awiri ndi anayi. Usamangodina."

Ndiye ndinaphunzira kuumira.
Pafoni ndimajambula ngakhale mthunzi wanga,
koma apa ndinkaima kaye
n'kudzifunsa ngati chinthucho chikuyenera.
Khwa! kamodzi,
kenako chala chipukuse kagudumu,
kwetche kwetche ngati njinga yosowa girisi.
Ana ankathamangira kumbuyo kwake, "Tione! Tione!"
n'kupezako pulasitiki yokhayokha.
Zelifa anati ndikunamiza ana.

Kutsukitsa ndiye inali nkhani.
A ku Lilongwe atatchula mtengo pafoni
ndinaona theka la thumba la feteleza likukwera minibasi.
Filimu inagona m'sokosi, pansi pa sutikesi,
Juni yense ndi nkhungu yake,
fumbi la Okutobala, mvula yoyamba, ngumbi,
mpaka ndinaiwala zomwe ndinatsekera m'menemo.

A Ngozo ndiwo anati,
"Ukakumba kachewere ubwere ndi ndowa ziwiri.
Koma mitundu ndilibe, mitundu ili ku Lilongwe."

Bafa yawo anaitchinga ndi bulangeti,
mdima wa ndiweyani masana dzuwa likuswa mtengo.
Mankhwala m'mabotolo a sobo, kafungo ka viniga.
Wotchi inafa kalekale,
nthawi amayesa ndi nyimbo ya kutchalitchi,
ndime zinayi, chamumtima, akupendeketsa kachitini.
Ine phee, kuopa kuti ndikatsokomola
wina afufutika.

Anaiyanika pa waya ngati matumbo a mbuzi.
Anthu akuda onse anayera mbuu, thambo linada bii.
"Osadandaula, papepala abwerera."
Pa makumi awiri ndi anayi aja panapulumuka zisanu ndi zinayi,
ndipo pepala linakwanira zinayi zokha.

Choyamba ndi chala changa,
chachikulu kuposa phiri la Mvai.
Chachiwiri ndi Zelifa wopanda mutu,
koma manja agwira kabichiwo ndi ake ndithu,
chipsera cha chikwakwa chikuoneka.
Kenako mbuzi ija tinagulitsa kuti Esinta alembe mayeso,
ikundiyang'ana ngati ikudziwa.

Chomaliza ndinaiwala kupukusa.
Zithunzi ziwiri zinagona pamodzi.
Achimwene a Sitefano aima pa siteji,
jekete yobwereka, chikwama paphewa,
tsiku lija ankapita ku Joni.
Ndipo m'chifuwa mwawo mukudutsa msewu wa tara,
malole, matumba a kachewere, mayi wina akuwoloka.
Nkhope ilipo theka,
theka linalo ladyedwa ndi kuwala
komwe kunalowera pa mng'alu wa chitseko cha kamera.

Nambala yawo inasiya kulira chaka chisanathe.
Zithunzi zawo zonse zinali m'foni yanga ija
inagwera m'chitsime cha kudimba.

A Ngozo anachitembenuza uku ndi uku.
"Ichi chaonongeka. Usachiwerengere."
Anafuna kuchiponya m'katoni ya zinyalala.
Ndinawagwira dzanja.

Sabata yotsatira ndinawapititsira ndowa yachitatu,
yosankha, yaikuluikulu, yopanda chilema.
Sanafunse chifukwa chake.
Anangotsegula chitini cha mabisiketi chija
n'kuyang'anamo nthawi yaitali.
"Yatsala imodzi," anatero.
"Mng'aluwo umate ndi tepi wakuda."

Sindinamate.