Gawo Lachisanu ndi Chiwiri

Amupha.
Mayi uja wa chipsera pachibwano,
amene ankakhotetsa chombo pakati pa nyenyezi
ngati mmene Tilyenji amazembera maenje ndi njinga pa Kapata,
amupha dzulo usiku, gawo lachisanu ndi chiwiri,
ine ndili chikhalire pa makina osokera,
foni nditaitsamiritsa ku chitini cha mabatani.

Sanamulire n'komwe.
Anamukulunga m'nsalu yoyera yopanda mpendero
n'kumukankhira kunja, kumdima,
kopanda manda, kopanda adzukulu,
kenaka mayina a olemba nkhani anayamba kukwera.
Ndinawawerenga limodzilimodzi
kuti ndidziwe woti ndimusungire chakukhosi.

Lero ndasoka kolala ya yunifolomu mozondoka.
Amake mwana akubwera Lachinayi.

Za wapolisi uja wa jekete lalitali
ndilibe nazo mawu abwino.
Tsitsi limodzi, limodzi lokha, pa pilo,
waliponya m'kabotolo,
ola lisanathe wakupha ali mu unyolo.
Njinga yanga inabedwa pa chigayo ku Mchini
dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona,
chaka chino n'chachitatu.
Wakubayo pothawa anasiya patapata wakumanzere,
osati tsitsi ayi, patapata wathunthu,
ndipo ndikali naye pansi pa bedi
kudikira wa jekete lalitali atsike basi ya ku Lusaka.
Komabe ine ndinadziwa kuti wapha ndi mlamu wake.
Ndinanena pa gawo lachiwiri pomwe, funsani Zakeyo.
Wolira kwambiri pamaliro, muzimuyang'ana m'manja.

Za zinjoka zamapiko timaonera kwa Esinati ku Kalongwezi
chifukwa kanema wawo ndi wamkulu.
Azakhali ake amakhala chofulatira, akuswa nsawa.
Amati izo n'zaufiti,
kuno munthu atauluka chotero
kutacha mudzi wonse uli pakhomo pake,
koma uko amuveka chisoti chachifumu.
Akatero amafunsa, osatembenuka:
kamtsikana kaja kalipeza lupanga la atate ake?
Sikanalipeze, azakhali.
Ndiye kachedwa nazo.

Sabata yatha malaiti anathima
chitseko cha phanga chitangoyamba kutseguka.
Tinakhala mumdima anthu asanu ndi mmodzi
aliyense akuchitsegula ndi pakamwa pake.
Zakeyo anaikamo golide.
Esinati anaikamo amake kamtsikanako, amoyo, ataonda.
Azakhali anati muli mileme basi, phanga lililonse ndi mileme.
Malaiti atabwera tinapeza nkhalamba ya ndevu ili mtulo,
tonse tinangoti asa,
za Esinati zinali bwino.

Usiku uno ndatuluka kukataya madzi,
ndakweza maso pamwamba pa phiri la Kanjala
pomwe nsanja za foni zimaphethira mofiira.
Kupitirira apo, kwinakwake, mayi uja akuyandama yekha
m'nsalu imene palibe anaipinda m'mphepete.
Akanandipatsa ine, mphindi khumi zokha,
ndi ulusi woyera ndili nawo.

Zakeyo akuti adzauka,
akuti kumeneko anthu safa zenizeni,
akangomva kuti oonera tadandaula amamubweza.
Zakeyo ndi yemweyo anaika golide m'phanga.
Ine ndati sindioneranso.
Ndalumbira dzanja lili pa makina anga.

Mnyamata woika mafilimu m'mafoni, uja wa ku mashopu akumunsi,
akuti gawo lachisanu ndi chitatu lifika Loweruka,
makwacha asanu.
Ndapatula asanuwo, ali m'chitini cha mabatani.
Sikuti ndikufuna kuonera ayi,
kungoti pamafunika munthu woti akhalepo
ngati mmodzi wa iwo m'chombomo
atamukumbukira n'kumutchula dzina.